Ndalama za Kafukufuku: Mwini Funso Ndani?

Anthu ambiri akamva za ndalama zothandizira kafukufuku amaganiza kuti imeneyo ndi nkhani ya anthu ophunzira okhaokha, aja amakhala m'maofesi a sukulu za ukachenjede ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu. Ife tikuti nkhaniyi ndi ya mayi amene akukonola chimanga pamtondo, ndiponso ya bambo amene wagoneka mwana wake m'chipatala.

Taonani za chimanga. Kwa zaka zambiri alangizi a zaulimi analimbikira kuuza alimi kuti adzale chimanga cha haibulidi, koma alimi ang'onoang'ono anakakamirabe chamakolo. Ena anati alimiwo ngosamva. Chonsecho amayi anali ndi chifukwa chomveka: haibulidi wa masiku amenewo anali wofewa, pokonola ankaphwanyika n'kutayika pamodzi ndi gaga, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe sankachedwa kumumaliza. Pamene akatswiri a ku Chitedze, mothandizana ndi bungwe la CIMMYT, anatulutsa mbewu za MH17 ndi MH18 m'chaka cha 1990, mbewu zolimba zokonoleka ngati chamakolo, alimi anazilandira. Funso limene linafufuzidwa linali la pamtondo, ndipo n'chifukwa chake yankho lake linafika m'midzi.

Ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre nakonso kuli umboni. M'chaka cha 1989 a Malcolm Molyneux, a Terrie Taylor ndi anzawo anafalitsa njira yoyezera kukomoka kwa ana odwala malungo a m'bongo: dotolo amaona maso a mwanayo, kulira kwake ndi mmene akusunthira akamva kuwawa, n'kupereka nambala yoyambira pa 0 kufika pa 5. Njirayi imatchedwa ndi dzina la Blantyre, ndipo imagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. M'chaka cha 2015, atajambula mitu ya ana ndi makina a MRI pa chipatala chomwecho, akatswiri anasonyeza kuti chimene chimapha ambiri mwa ana oterewa ndi kutupa kwa bongo. Kuyambira 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera wa taifodi. Katemerayo anapezeka kuti amapewetsa matendawa pafupifupi 8 pa 10 aliwonse, ndipo mu 2023 boma linayamba kumupereka kwa ana a dziko lonse.

Koma tifunse: ndalama za ntchito zonsezi zinachokera kuti? Zochuluka zinachokera kunja. Bungwe la Wellcome Trust la ku London, limene linakhazikitsidwa mu 1936 ndi chuma chamasiye cha Henry Wellcome, lakhala likuchirikiza kafukufuku wa ku Blantyre kwa zaka zambiri. Kafukufuku wa taifodi analipiridwa ndi bungwe la a Gates la ku America. Achinyamata athu ochuluka anatenga madigiri apamwamba ndi thandizo la Commonwealth kapena la Beit Trust. Tiyenera kuthokoza, ndipo tikuthokoza ndi mtima wonse.

Komabe wopereka ndalama ndiye amasankha funso. Kayendedwe kake n'kotere: bungwe limalengeza mitu imene likufuna, ofufuza amalemba mapempho, akatswiri ena amawapima, ndipo wopambana amapatsidwa zaka zitatu kapena zisanu kuti agwire ntchito n'kupereka lipoti. Palibe choipa m'menemo. Malungo, Edzi ndi chifuwa chachikulu ndi adani athu ndithu, ndipo ndi bwino kuti dziko lapansi likuwaponyera chuma. Nanga mafunso amene satekesa munthu wa ku London kapena ku Seattle? Kuchepa kwa chambo m'nyanja yathu, kuguga kwa nthaka, mbiri ya mafumu imene ikupita kumanda pamodzi ndi okalamba, galamala ya Chilomwe, Chisena ndi Chitonga: izi zikadikira mlendo zidzadikira nthawi yaitali. Wophunzira wanzeru amaona kumene kuli ndalama, nasiya funso la kwawo n'kutola la eni thumba. Sitingamudzudzule, pakuti nayenso ali ndi ana ofuna kudya.

Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake la kunja, ndipo pofika Julayi bungwe la USAID linali litatsekedwa. M'maiko ambiri a mu Africa ntchito zinaima pakati. Kafukufuku sali ngati nyumba imene mungaisiye pa mawindo n'kudzapitiriza chaka chamawa. Odwala amene mumawatsatira amabalalika, mbewu za m'munda woyesera zimasakanikirana, ndipo amisiri amene munawaphunzitsa zaka khumi amapita kukafuna ntchito kwina.

Atsogoleri a mu Africa anaziona izi kale. Ku Lagos mu 1980 anagwirizana kuti dziko lililonse liziika gawo limodzi mwa magawo 100 a chuma chake pa sayansi ndi luso, ndipo mu 2007 anabwerezanso lonjezolo ku Addis Ababa. Maiko ochuluka sanafikebe pamenepo. Kuno kwathu lamulo la 2003 linakhazikitsa bungwe loona za sayansi ndi luso la NCST pamodzi ndi thumba la ndalama zake. Nyumba ilipo, chofunika n'chakuti aphungu a Nyumba ya Malamulo, pokambirana ndondomeko ya chuma, afunse poyera kuti m'thumbamo mwalowa zingati ndipo zapita kwa yani. Makampani a fodya, tiyi, shuga ndi mabanki, amene ena mwa iwo amapereka zikho za mpira chaka ndi chaka, angathenso kuika mphoto ya wofufuza wachinyamata, ngakhale yaing'ono yokwanira ulendo wa kumudzi ndi zipangizo zoyezera.

Kwa olandira ndalamazi tili ndi pempho limodzi. Anthu a ku Ndirande amene anapereka ana awo, ndi alimi amene amabwereketsa minda yawo, ali ndi ufulu womva zimene zinapezeka. Lipoti lopita ku London lilembedwe m'Chingerezi monga mwa pangano, koma lina liwerengedwe pabwalo la mfumu ndi pa wailesi m'chinenero cha anthuwo.