Cingelezi pa Khomo: Ndani Anayamba Kufika?

M'caka ca 1966 Lamulo la Maphunziro linakhazikitsa Cingelezi kukhala cinenero cophunzitsira ana kuyambira Giredi 1. M'caka ca 2014 boma linalamula kuti ana a Giredi 1 mpaka Giredi 4 aziphunzira m'cinenero ca kwao. Malamulo otere amasinthasintha, koma mayeso, makalata a m'maofesi a boma ndi zolembedwa za m'khoti ya majisitireti zakhala m'Cingelezi zaka zonsezi. Ndico cifukwa cake phunziro la sabata ino lagwera pa kamau kamodzi kamene kamapunthwitsa ana pamayeso, ndi akulu omwe polemba kalata. Kamauka ndi "had".

Nchito yake yaikulu ndi imodzi. Pamene zinthu ziwiri zinacitika kale, kamauka kamasonyeza cimene cinayamba. Wolankhula Cinyanja sayenera kucita nako mantha, pakuti cinenero cake cili nayo kale njira yomweyi. Mai amene anacedwa kufika pamseu wa ku Chadiza amadandaula kuti, "Pamene ndinafika, basi inali itapita." Mngelezi amati, "When I arrived, the bus had left." Mau akuti "inali ita-" ndiwo "had". Mneni wotsatira "had" amakhala m'maonekedwe ake acitatu: pa "go, went, gone" amatengapo "gone", pa "sell, sold, sold" amatengapo "sold". Cinyanja cili naconso cina cokoma, ndico "-sana-". "Alimi anali asanalandire feteleza pamene mvula inagwa" ndi "The farmers had not yet received fertiliser when the rains came." Mphunzitsi amene amayamba ndi Cinyanja cimeneci asanalembe lamulo pabolodi savutika kubwereza phunziro katatu.

Wina angayese kuti izi ndi za pamayeso cabe. Alimi a thonje a ku Chipata, Katete ndi Lundazi amaidziwa bwino ngongole ya mbeu ndi mankhwala, imene kampani imapereka pa pangano lakuti idzagula thonjelo likakololedwa. Tsono bambo wauza mwana wake wa sukulu kuti alembe kalata yofotokoza za ngongoleyo. Mwana akalemba kuti, "When the buyer came to the village, my father sold his cotton," wanena kuti wogula anafika m'mudzi, bambo namugulitsa thonje. Koma akalemba kuti "my father had sold his cotton," wanena kuti wogula anapeza thonje litagulitsidwa kale, ndipo wowerenga kalatayo adzafunsa kuti kwa yani. Zilembo zitatu zasandutsa munthu wosunga pangano kukhala wogulitsa kumbali.

Tsopano za malo ndi nthawi. Lamulo la masiku onse ndi lakuti mneni akatha, mau a malo amayamba, a nthawi natsatira. Mbiri ya Angoni ikuonetsa bwino: "The Ngoni had crossed the Zambezi near Zumbo in November 1835." Malo ndi "near Zumbo", nthawi ndi "in November 1835". Ciganizo cimeneci cimafuna cinzace cocitsamira. Cimakhala bwino m'nkhani ya nkhondo ya 1898, pamene asilikali a Azungu anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo wolemba afuna kubwerera m'mbuyo kuti afotokoze mmene Zwangendaba anaolotsera anthu ake zaka 63 nkhondoyo isanacitike. Koma mwana akangofunsidwa caka cimene Angoni anaoloka, yankho ndi "They crossed in 1835," popanda "had".

Mau a nthawi angathe kusamutsidwa ndi kuikidwa poyamba pa ciganizo, ndipo apa ndi pamene pali mbuna. Ng'ombe zadya cimanga m'munda wa mnansi mbandakuca, mlandu wafika kukhoti, ndipo mboni ikufunsidwa nthawi imene ng'ombezo zinaturuka m'khola. "The cattle had left the kraal at six o'clock" ndiko kuti zinaturuka pa 6 koloko penipeni. "By six o'clock the cattle had left the kraal" ndiko kuti pofika 6 koloko zinali zitaturuka kale. Kaya zinaturuka pa 5 koloko, kaya pakati pa usiku, ciganizoco sicinena. Ngati munda unadyedwa pa 5 koloko, ciganizo coyamba cimapulumutsa mwini ng'ombe, caciwiri cimamusiya m'mlandu. Kamau ka "by" ndiko "pofika" m'Cinyanja, ndipo ndi bwenzi lalikulu la "had": "By the end of 2010 the railway from Mchinji had reached Chipata." Njanjiyo inatsegulidwa mu Ogasiti caka comweco.

Pa mau a malo, atatu awa amasokoneza ngakhale amene anatsiriza sukulu ya sekondale. "She had gone to Lusaka" ndiko kuti anali atapita ku Lusaka ndipo pa nthawiyo anali asanabwere. Womufuna sanamupeze pakhomo. "She had been to Lusaka" ndiko kuti anapitako nabwerako, mzindawo amaudziwa. "She had been in Lusaka for two weeks" ndiko kuti anali atakhala mumzindamo masabata awiri. M'Cinyanja kusiyana kumeneku kumamveka msanga, pakuti palibe amene amasokoneza "anali atapita" ndi "anali atapitako". M'Cingelezi katundu yense wasenzedwa ndi "gone", "been", "to" ndi "in". Nakonso kufika kuli ndi mwambo wake. Munthu amafika "at" pa malo ang'ono monga msika wa Kapata kapena cipata ca malire ca Mwami, koma amafika "in" m'tauni kapena m'dziko: "The lorry had arrived at Mwami before noon", "The lorry had arrived in Chipata before noon". "Arrived to" ndi colakwa, ngakhale cimamveka kawirikawiri pa siteshoni ya mabasi. Ndiponso "home" safuna "to": "He had gone home."

"For" ndi "since" ndi zapafupi. "For" amawerenga utali wa nthawi, "since" amaloza poyambira. Chipata, imene kale inali kuchedwa Fort Jameson, inakwezedwa kukhala mzinda mu Febuluwale 2017, ndipo ufulu wa Zambia unabwera pa 24 Okutobala 1964. Motero wina angalembe kuti, "When Chipata became a city, Zambia had been independent for 52 years," kapena "since 1964". Kulemba "since 52 years" ndiko kumanga mbuzi ndi ng'ombe pa goli limodzi.

"Ago" amawerengera kucokera lero, conco sayendera pamodzi ndi "had". Amene ayenera pamenepo ndi "before" kapena "earlier": "The headman had gone to Mtenguleni two days earlier," anyakwawa anali atapita ku Mtenguleni masiku awiri m'mbuyo mwace, kuwerengera kucokera pa tsiku la m'nkhaniyo. Mau ang'ono monga "already", "just" ndi "never" amakhala pakati pa "had" ndi mneni: "They had already left."

Pali nthenda ina imene imagwira ana anzeru makamaka. Akangodziwa "had", amamwaza pa ciganizo ciliconse poyesa kuti ndico Cingelezi capamwamba, kapena kuti ndiye mneni wa zinthu zakalekale. Si conco. Cinthu cingakhale ca zaka 100 zapitazo osafuna "had", ndipo cina ca m'mawa uno n'kumufuna. Mwana wolemba za ulendo wa ku Nc'wala alondole zinthu monga zinacitikira: "We woke up, we boarded a truck, we reached Mtenguleni." Abweretse "had" pokhapo pamene wabwerera m'mbuyo: "The dancers had arrived there the night before." Woconga mayeso akaona "had" paliponse amazindikira kuti mwanayo waloweza kamau koma nchito yake sanaimve.

Makolo amene sadziwa Cingelezi angathe kuthandizabe. Madzulo amuuze mwana kuti amasulire m'Cinyanja cimene walemba. Ngati m'kumasulira mulibe "anali ata-" kapena "anali asana-", kawirikawiri "had" waikidwa posayenera, ndipo khutu la kholo lidzamva msanga kuposa diso la mwana.

Nazi zoyeserera zitatu zoti ana asandutse Cingelezi, aonetse aphunzitsi ao. Coyamba: Pofika 10 koloko nshawa zonse zinali zitagulidwa pa msika wa Kapata. Caciwiri: Agogo anali asanapiteko ku Lundazi. Cacitatu: Pamene adokotala anafika, wodwala anali atakhala m'cipatala masiku atatu. Mayankho adzaturuka pa tsamba lino sabata ya mawa.