Mwana ayambe ndi nthaka imene waponda

Loweruka lililonse m'mawa ndimakhala ndi ana a sukulu pa pulogalamu yathu ya pa wailesi. Mwezi watha tinakamba za mapiri ophulika. Mtsikana wina wa Giredi 8 anafotokoza bwino kwambiri mmene miyala imasungunukira pansi pa nthaka ndi kutuluka ngati phala lamoto. Nditamufunsa chifukwa chake madzi a ku Chinyunyu, m'mbali mwa mseu wopita ku Lusaka, amatuluka otentha, anayankha kuti zimenezo mulibe m'buku. Mwanayo sanalakwe. Koma ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malere: ana athu aphunzira za dziko lapansi ngati kuti iwo eni sakhalamo.

Pokonzekera pulogalamu yotsatira ndinawerenga za mmene myuziyamu ya mumzinda wa Auckland, ku New Zealand, imalandirira ana a sukulu ndi kuwaphunzitsa za mapiri ophulika, mbiri ya dera lawo ndi chikhalidwe cha Amaori, eni nthaka a dzikolo. Ndiona kuti njira yawo ndi yolondola, chifukwa iyambira pamene mwana waima.

Mzinda wa Auckland unamangidwa pakati pa mapiri ophulika oposa 50. Ngakhale nyumba ya myuziyamuyo, Auckland War Memorial Museum, imene inatsegulidwa mu 1929, ili pa limodzi la mapiriwo, lotchedwa Pukekawa. M'gawo la mapiri ophulika anamangamo chipinda chooneka ngati pabalaza pa nyumba wamba. Ana amakhala pamipando, TV iyamba kulengeza za ngozi, pansi payamba kugwedezeka, ndipo pawindo aona phiri latsopano likuphulika m'nyanja ya mzinda wawo womwewo. Kwa mwana wa kumeneko imeneyi si nthano. Pa 10 June 1886 phiri la Tarawera linapha anthu oposa 100, ambiri a iwo Amaori, ndi kukwirira mudzi wa Te Wairoa. Mu December 2019 phiri la pachilumba cha Whakaari linaphulika, anthu 22 nafa. Mwana wotuluka m'chipinda chija adziwa kuti sayansi ikamba za nyumba imene agonamo.

Chachiwiri, nkhani ya mapiri imafikitsa mwana kwa anthu. Phiri latsopano kwambiri mwa onse a mu Auckland, Rangitoto, linaphulika zaka pafupifupi 600 zapitazo, Amaori akuona. Pachilumba choyandikana nalo, Motutapu, akatswiri anapeza mapazi a anthu ndi agalu atadindika m'phulusa la nthawi imeneyo. Pa mapiri monga Maungakiekie ndi Maungawhau, Amaori anamangapo midzi yamalinga, ndipo m'nthaka yachonde yozungulira mapiriwo ankalima kūmara, amene ndi kandolo wathu yemweyu. Maenje amene ankasungiramo kandoloyo akali kuoneka mpaka lero. Tsono sayansi, ulimi ndi mbiri zikumana paphiri limodzi limene mwana amaliona ali pawindo la kalasi. Ife m'masukulu mwathu tinazigawa zimenezi m'mabuku atatu, aphunzitsi atatu, mayeso atatu, ndipo mwana sadziwa kuti zonse ndi nkhani imodzi.

Chachitatu, chimene chinandigwira mtima kwambiri, ndi funso lakuti amene alankhula ndani. Mu myuziyamuyo muli nyumba yamisonkhano yosemedwa yotchedwa Hotunui, ya mu 1878, ndi bwato lankhondo lotchedwa Te Toki a Tapiri, lotalika mamita 25. Wolowa mu Hotunui amavula nsapato. Kwa Amaori zinthu zimenezi ndi taonga, chuma cha makolo chimene chikali ndi eni ake. Lamulo la mu 1996 linakhazikitsa bungwe la Amaori lotchedwa Taumata-ā-Iwi kuti lizilangiza oyendetsa myuziyamu pa zinthu zotere. Ulemu umenewu sunabwere wokha. Kwa zaka zambiri ana a Chimaori ankakwapulidwa kusukulu akalankhula chinenero chawo. Anthu anamenyera nkhondo mpaka Chimaori chinakhala chinenero cha boma mu 1987, ndipo mu 2023 mbiri ya dzikolo inakhala phunziro loyenera kuphunzitsidwa m'masukulu onse. Ambiri a ife amene tinalangidwapo chifukwa cholankhula Chinyanja m'kalasi tiimva bwino nkhani imeneyi.

Pali zotsutsa ziwiri zimene sindingazinyalanyaze. Choyamba, ena akuti mwambo ukalowa m'myuziyamu umasanduka chionetsero, ngati haka yovinira alendo ojambula zithunzi. Ngozi imeneyo ilipodi. Mankhwala ake ndi amene Amaori anapeza: eni mwambo ndiwo anene choonetsa ndi chobisa. Mchewa aliyense adziwa kuti Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ali ndi za pabwalo ndi za kudambwe. Za pabwalo mwana wa sukulu angaphunzire tanthauzo lake kwa akuluakulu a gule. Za kudambwe zikhale kudambwe.

Chachiwiri ndi ndalama. New Zealand ndi dziko lolemera, pamene ife tikali kusowa madesiki. Mamyuziyamu athu akuluakulu ali ku Livingstone, Lusaka, Ndola, Mbala ndi Choma, ndipo kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 500. Sukulu ya kumudzi ingapeze kuti ndalama ya basi? Zoona. Chipinda chogwedezeka sitingachikwanitse. Koma nzeru yoyamba ndi zapafupi siifuna basi. Ku Chadiza kuli phanga la Kalemba, ku Katete kuli la Mkoma, ndipo onse awiri ali ndi zojambula za anthu akale pamiyala. Chigwa cha Luangwa chinapangika pamene nthaka inang'ambika ndi kutitimira. Angoni anaoloka Zambezi mu 1835, pa tsiku limene dzuwa linadetsedwa ndi kadamsana, ndipo m'nkhani imodzi imeneyo muli mbiri ndi sayansi ya zakumwamba. Ndi ana angati a kuno Kum'mawa amene anamvapo zimenezi kwa mphunzitsi wawo?

Pempho langa ndi laling'ono. Sukulu iliyonse ipatule tsiku limodzi pa temu loyendera malo ofikika ndi miyendo, kaya ndi phanga, phiri kapena mudzi wakale. Mphunzitsi wa sayansi apite pamodzi ndi wa mbiri, ndipo apemphe a nyakwawa kuti awapatse agogo odziwa za malowo. Agogowo alankhule m'chinenero chawo popanda wowadula pakamwa. Ogwira nchito m'mamyuziyamu athu nawonso azituluka ndi bokosi la zinthu ndi zithunzi kupita kumasukulu akutali, m'malo modikira ana amene sadzafika. Ife a pa wailesi tidzabwera ndi makina ojambulira mau kuti midzi ina imveko.

Loweruka lapitali mtsikana uja anabweranso, ndipo tinayankha funso lija pamodzi. Madzi a mvula amalowa pansi kwambiri kudzera m'ming'alu ya miyala, amatenthedwa ndi miyala yotentha ya pansipo, kenako amakwera msanga asanazizire. Anamvetsera, ndiyeno anandifunsa ngati kutentha kumeneko n'kumodzimodzi ndi kwa m'buku lake lija. Ndinati inde. Ananena kuti akadzakwera basi ya ku Lusaka adzapempha mpando wa pawindo kuti aone nthunzi ya ku Chinyunyu.