Imfa za njuchi ku America zadzutsa mtsutso wa pansi pa mng'oma

Alimi akuluakulu a njuchi m'dziko la America atatsekula ming'oma yawo mu January 2025, pokonzekera kuitengera ku minda ya mtedza wa almond ku California, ambiri adapeza mabokosi ali zii. M'ming'oma yambiri uchi udalimo, koma eni uchiwo adali atafa kapena atatsala owerengeka.

Kafukufuku amene lidachita bungwe la Project Apis m. adaonetsa kuti pakati pa June 2024 ndi March 2025, alimi oweta njuchi ngati bizinesi adataya ming'oma 62 mwa 100 iliyonse. Bungweli lidayerekeza kuti dziko lonselo lidataya ming'oma pafupifupi 1.6 miliyoni, ndipo chuma chimene chidalowa m'madzi chidaposa madola 600 miliyoni.

Nkhaniyi siyikukhudza okonda uchi okha. Chigawo cha California chimalima pafupifupi magawo 80 mwa 100 a mtedza wa almond wa dziko lonse lapansi, ndipo mitengoyi ikachita maluwa mu February imafuna ming'oma pafupifupi 2 miliyoni kuti njuchi zifalitse mungu. Njuchi zikafa m'nyengo yachisanu, mlimi wa mtedza amalira limodzi ndi mlimi wa njuchi.

Tsokali latsitsimutsa mafunso akale okhudza kasungidwe ka njuchi m'miyezi yozizira. Limodzi mwa mafunsowa, limene lakhala likugawa alimi a ku America, Britain ndi mayiko ena a ku Ulaya, limaoneka lachabechabe kwa munthu wapadera: kodi pansi pa mng'oma pazikhala thabwa lotseka kapena sefa wawaya? Kuti funsoli limveke, m'pofunika kudziwa kaye chimene chimachitika m'kati mwa mng'oma kunja kukauma ndi chisanu.

Njuchi sizigona tulo ta miyezi monga zimachitira nyama zina za kumayiko ozizira. Kukazizira kufika madigiri pafupifupi 14, zimaunjikana pamodzi ngati mpira kuzungulira mfumukazi, ndipo zimanjenjemeretsa minofu ya mapiko kuti zipange kutentha. Mfumukazi ikayamba kuikira mazira, pakati pa mpirawo pamayenera kutentha madigiri pafupifupi 35, ngakhale kunja madzi ataundana. Nkhuni za moto umenewu ndi uchi, ndipo ku Britain alimi amalangizidwa kusiyira mng'oma uliwonse chakudya cholemera makilogalamu pafupifupi 20.

Vuto limabwera chifukwa uchi ukadyedwa umatulutsa madzi. Kilogalamu imodzi ya uchi imabala madzi oposa theka la lita, amene njuchi zimatulutsa ngati nthunzi popuma. Nthunziyo ikagunda denga lozizira imasanduka madontho n'kugwera pa njuchi zomwe zija. Njuchi youma imapirira chisanu, koma yonyowa imafa msanga, ndipo chinyezi chimabweretsa chuku pa zisa. Apa ndiye pamene pagona kufunika kwa pansi pa mng'oma, chifukwa ndipo polowera mpweya, pothera madzi ndi pogwera zinyalala.

Kwa zaka zoposa 100 kuchokera pamene Lorenzo Langstroth, mbusa wa ku America, adalembetsa mng'oma wake wa mafelemu osuntha mu 1852, alimi ambiri ankangoika thabwa pansi. Zinthu zidasintha chifukwa cha nthata yotchedwa varroa. Kachilomboka, kamene kukula kwake n'ngati mutu wa phini, kwawo n'ku Asia kumene kankakhala pa mtundu wina wa njuchi. Kadapezeka ku America mu 1987, ku Britain mu 1992, ndipo dziko la Australia, limene lidakhala nthawi yaitali lopanda nthatayi, lidaipeza mu June 2022 n'kusiya zoyesa kuithetseratu mu September 2023.

Nthata zina zimagwa zokha kuchoka pa njuchi. Zikagwera pa thabwa zimakweranso pa njuchi ina yodutsa, koma zikagwera pa sefa wa mabowo a mamilimita pafupifupi atatu zimadutsa n'kugwera kunja. Ganizo limeneli lidachititsa kuti sefa afale kwambiri, makamaka ku Britain. Kunsi kwa sefayo kumakhala kathabwa kosolola, kamene mlimi amalowetsa kwa masiku angapo kuti awerenge nthata zakugwa. Kathabwa komweko kamamuuzanso zambiri osatsekula mng'oma m'chisanu: mizere ya nyenyeswa za phula imasonyeza pamene mpira wa njuchi uli, kukula kwake ndi mmene zikudyera.

Okonda sefa amati chinyezi chimatuluka chokha ndipo madzi sadikha pansi. Okonda thabwa amayankha kuti mphepo ikalowera kunsi imaba kutentha, njuchi zimadya uchi wambiri, ndipo mfumukazi imachedwa kuyamba kuikira. Pali ena amene asankha njira yapakati: sefa pansi, kathabwa kolowetsedwa pamene mphepo yakula, ndi chofunda chochindikala pamwamba kuti denga lisazizire. Enanso amapanga khomo loti njuchi zizilowera kunsi kwa mng'oma, kuti mphepo, mavu ndi mbewa zisalowe mosavuta. Ku Canada ena amakuta ming'oma ndi zofunda, pamene ena amaisunga m'nyumba zamdima zimene kuzizira kwake kumasungidwa pa madigiri pafupifupi asanu.

Mtsutsowu udakolezedwa mu 2023 ndi Derek Mitchell wa pa yunivesite ya Leeds ku Britain. M'kafukufuku wake, iye adatsutsa chikhulupiriro chakale chakuti njuchi za kunja kwa mpira zimakhala ngati bulangeti la zinzawo. Adati kuunjikanako n'chizindikiro cha kuvutika ndi kuzizira, ndipo adayerekeza matabwa a ming'oma, ochindikala mamilimita 19, ndi makoma a mphako za mitengo, amene amafika mamilimita 150. Si alimi onse amene adagwirizana naye, koma mfundo yake ikugwirizana ndi zimene Thomas Seeley wa pa yunivesite ya Cornell adapeza kalekale, zoti njuchi zakutchire zimasankha mphako ya malita pafupifupi 40 yokhala ndi khomo laling'ono cha m'munsi. Njuchi ikadzisankhira yokha, siyifuna nyumba yopita mphepo.

Komabe, zimene zidachitika ku America zikusonyeza kuti mtsutso wa thabwa ndi sefa ukhoza kuphimba nkhani yeniyeni. Mu June 2025, akatswiri a nthambi ya kafukufuku ya unduna wa zaulimi wa dzikolo adalengeza zimene adapeza m'ming'oma yowonongekayo. Njuchi zidali ndi mavairasi ochuluka kwambiri, kuphatikizapo amene amapunduza mapiko ndi amene amafoola thupi, ndipo onsewa amafalitsidwa ndi varroa. Chodetsa nkhawa kwambiri chidali chakuti pafupifupi nthata zonse zimene adaziyeza zidali ndi chizindikiro choti sizikufanso ndi amitraz, mankhwala amene alimi akuluakulu akhala akudalira kwa zaka zambiri.

Tanthauzo lake n'lakuti njuchi zambiri zidalowa m'chisanu zili kale pa njira ya imfa. Njuchi yobadwa m'nyengo yotentha imakhala ndi moyo masabata pafupifupi asanu ndi limodzi, koma yobadwa kuyambira kumapeto kwa August mpaka October iyenera kukhala miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuti ifikitse gulu ku nyengo ya maluwa. Chimene chimaithandiza kutero ndi nkhokwe ya mafuta ndi zomanga thupi imene ili m'mimba mwake. Mu 2019 Samuel Ramsey ndi anzake adaonetsa kuti nkhokwe imeneyi ndiyo chakudya cha varroa, osati magazi a njuchi monga ankaganizira kale. Nthata ikadya mphutsi mu September, njuchi imeneyo siyifika February, kaya pansi pa mng'oma pali thabwa kapena sefa.

Sefa payekha sathetsa nthata pa chifukwa chodziwika. Nthata zambiri zimakhala m'zipinda zomata za mphutsi, momwe zimaswana, ndipo zimene zimagwa zamoyo n'zochepa poyerekeza ndi zimene zikubadwa. Phindu lalikulu la sefa ndi kathabwa kake n'kuthandiza mlimi kuona. Ngakhale zili choncho, alangizi ambiri amati kuwerenga zakugwa n'kosakwanira. Amalimbikitsa kutapa njuchi pafupifupi 300, kuzikhutchumula mu shuga wosalala kapena mu spiriti, n'kuwerenga nthata zimene zathothoka. Zikafika ziwiri kapena zitatu pa njuchi 100 zilizonse, nthawi yothira mankhwala yakwana. Kuyezaku kuyenera kubwerezedwa mankhwala akathiridwa, chifukwa ndi njira yokhayo yodziwira ngati agwira ntchito. Mlimi amene amathira amitraz chaka ndi chaka osayezanso angathe kukhala akuweta nthata zolimba iye akuyesa kuti wateteza ziweto zake.

N'chifukwa chake akatswiri akulangiza kusinthasintha mankhwala, monga a formic acid ndi thymol, komanso kugwiritsa ntchito oxalic acid cha mu December, pamene mphutsi zimakhala zochepa ndipo nthata zilibe pobisala. Palinso ntchito yosankha mitundu ya njuchi zimene zimanunkhiza zipinda zokhala ndi nthata n'kuzitsekula zokha.

Pa mfundo imeneyi Africa ili ndi phunziro lopereka. Varroa idapezeka ku South Africa mu 1997 ndipo ku Kenya mu 2009, koma chiwonongeko chonga cha ku America sichidachitike. Ku South Africa njuchi zidavutika poyamba, kenaka patatha zaka zochepa zidayamba kupirira popanda mankhwala. Zina mwa zifukwa zake n'zakuti njuchi za kuno zimakula msanga m'zipinda, zimagawikana pafupipafupi, ndipo zambiri zimakhala kutchire kumene zofooka zimafa n'kusiya zolimba.

Izi n'zofunika kuzikumbukira ku Malawi ndi ku Zambia, kumene ming'oma ya Langstroth imalimbikitsidwa pambali pa ya mitengo, ya makungwa ndi ya mtundu wa Kenya top bar. Bokosi likabwera kuchokera kunja limabwera ndi malangizo opangidwira chisanu cha kumeneko. Kuno June ndi July amazizira, koma adani aakulu a mlimi ndi nyerere, chiuli, moto wolusa, kudulidwa kwa mitengo ndi njala ya njuchi maluwa akasowa, imene imachititsa gulu lonse kusamuka. Pansi pa mng'oma woyenera ku Leeds sipangakhale poyenera ku Thyolo, kumene minda ya makademiya nayonso imapindula ndi njuchi, pokhapokha patayesedwa.

Kwa alimi a kumayiko ozizira, chaka cha 2025 chasiya dongosolo lomveka la zinthu zofunika. Choyamba ndi njuchi zopanda matenda zobadwa chisanu chisanayambe, chachiwiri ndi chakudya chokwanira, chachitatu ndi denga lofunda ndi louma, ndipo pansi pa mng'oma pamabwera pambuyo pa zonsezi. Mlimi angathe kusankha thabwa kapena sefa malinga ndi mphepo ndi chinyezi cha dera lake, ndipo njira zonse ziwiri zasungapo njuchi bwinobwino. Funso limene alimi a ku America atsala nalo n'lolemera kuposa limenelo: mankhwala amene amadalira akutha mphamvu, ndipo minda ya almond idzafunabe ming'oma yake 2 miliyoni February aliyense.