Mankhwala oyenera munthu payekha: ayambe atiwerenga nafenso

Akatswiri akunena kuti kutsogoloku dokotala aziyamba wayeza DNA ya wodwala, kenaka n'kumusankhira mankhwala ndi mlingo womuyenera iyeyo payekha. Maziko a nzeru imeneyi ndi masamu. Ofufuza amayerekeza DNA ya anthu zikwizikwi, n'kuona kusiyana kumene kumapezeka kawirikawiri mwa odwala kuposa mwa athanzi. Choncho zotsatira zake zimalondola kwambiri pa anthu ofanana ndi amene anawerengedwawo.

Vuto lagona pamenepa. Mu 2016, magazini ya sayansi ya Nature inasonyeza kuti mwa anthu 100 aliwonse olowa m'kafukufuku wotereyu, 81 anali a makolo a ku Ulaya, pamene a makolo a ku Africa anali pafupifupi 3 okha. Chonsecho DNA ya anthu a mu Africa ndi yosiyanasiyana kuposa ya anthu a kwina kulikonse.

Azamba tikudziwa tanthauzo la zimenezi. Mu 2011 dziko lino linayamba ndondomeko ya Option B+, yopereka ma ARV kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV. M'mankhwalawo munali efavirenz wa 600 mg. Ndondomekoyi inateteza ana ambiri, koma amayi ena ankadandaula chizungulire, kusowa tulo ndi maloto oopsa, ndipo ena ankangosiya kumwa osauza munthu.

Chimodzi mwa zifukwa zake chili m'kachigawo ka DNA kotchedwa CYP2B6, kamene kamathandiza chiwindi kuchotsa efavirenz m'thupi. Pali mtundu wina wa kachigawoka umene umachedwetsa ntchitoyi, mankhwala n'kumachulukana m'magazi, ndipo umapezeka kwambiri mwa anthu a mu Africa kuposa a ku Ulaya. Patapita nthawi, kafukufuku wa ENCORE1 anapeza kuti 400 mg imagwira ntchito mofanana ndi 600 mg. Lero ambiri akumwa dolutegravir, koma phunziro lilipobe: mayi wodandaula uja sankanama.

Ndikuona kuti tisamathawe kafukufuku. Mphekesera zoti magazi otengedwa amakagulitsidwa zimakula pamene anthu sanafotokozeredwe bwino. Ofufuza azifotokoza m'chilankhulo chathu kumene magazi akupita, amene awasunge ndi phindu lobwerera kwa eni ake, ndipo wokana asamanidwe chithandizo. Ntchito ngati ya H3Africa, yolimbikitsa asayansi a mu Africa kufufuza DNA ya anthu akwawo, ikufunanso akatswiri a ziwerengero ophunzitsidwa konkuno.

Anamwino anzanga, gawo lathu ndi cholembera. Wodwala akanena kuti mankhwala akumuzunguza, tilembe m'buku lake la kuchipatala ndi m'kaundula: dzina la mankhwala, mlingo, tsiku ndi zimene akumva. Dandaulo losalembedwa sililowa m'masamu a wina aliyense, ndipo mlingo wa mawa udzakonzedwanso popanda ife.