Za Umoyo M'banja: Katundu Amene Dzino Lomata Limasenza

 Ulendo uno tikambirane za mano akumbuyo, otafunira aja, makamaka amene anabooka ndipo anakamatidwa kuchipatala. Kuno kunyanja dandaulo limene limamveka kawirikawiri ndi lakuti: "Anandimata dzino koma chomatacho sichinakhalitse, kenaka dzinolo linang'ambika. Kuli bwino kungozula basi." Tisanawaweruze a dokotala ndi mankhwala awo, tiyeni tione kaye katundu amene dzino lakumbuyo limasenza tsiku ndi tsiku.

Munthu wamkulu akaluma ndi mphamvu zake zonse, mano akumbuyo amapanikiza mofanana ndi kulemera kwa makilogalamu 50 mpaka 70. Limenelitu ndi thumba lathunthu la chimanga, litatsamira pa kamalo kochepa ngati chikhadabo. Mano akutsogolo safika ngakhale theka la mphamvu imeneyi. Chifukwa chake atelala akuchidziwa: nsalu yokhuthala amaidulira mkati mwa sizasi, pafupi ndi kamsomali kake, pakuti mphamvu ili pamenepo. Nsagwada zathunso zimagwira ntchito chimodzimodzi.

Nsima, mbatata yophika ndi nthochi sizifuna mphamvu zonsezo. Zimene zimaika dzino pa mayeso ndi chimanga chokazinga, nzimbe, mutu wa chambo chowamba, kamwala kobisala mu mpunga, ngakhalenso njere ya tende imene munthu wailuma mosazindikira pomasula m'mwezi wa Ramadhan.

Dzino lamoyo limapirira zonsezi chifukwa cha mapangidwe ake. Kunja kuli chikutiro choyera chimene chili cholimba kuposa fupa lililonse m'thupi, koma chosachedwa kusweka ngati pansi pake palibe chochigwiriziza. Pansi pa chikutirocho pali mnofu wa dzino wofewerapo umene umalandira mphamvu ija, ndipo pakati penipeni pali mtsempha. Tizilombo ta m'kamwa tikadya shuga timatulutsa asidi amene amaboola chikutirocho. Akalowa mkati, kuola kumafalikira msanga monga amachitira anankafumbwe: kunja kabowo kakang'ono, mkati mwatha.

Apa ndiye pagona nkhani. Dzino lili ngati mtondo. Mtondo umapirira munsi zaka zambiri malinga zipupa zake zili zamphumphu, koma mbali imodzi ikadyeka, tsiku lina umangong'ambika. Mu 1989 akatswiri a pa yunivesite ya Minnesota ku America anayesa mano ozulazula powapanikiza ndi makina. Anapeza kuti bowo la pamwamba pokha limachotsa magawo 20 pa 100 a kulimba kwa dzino, koma bowo lodutsa kuchokera mbali imodzi kukatulukira mbali inayo limachotsa magawo oposa 60. Tsono chomatira chilichonse chimadalira zipupa za dzino zimene zatsala.

Zomatira zimene zimagwiritsidwa ntchito kwambiri zilipo za mitundu itatu.

Choyamba ndi chotuwa ngati chitsulo chija, chotchedwa amalgam. Pafupifupi theka lake ndi mercury, ndipo zotsalazo ndi siliva, tini ndi kopa. Pa nkhani yopirira kutafuna chimenechi n'champhamvu, ndipo nthawi zambiri chimatha zaka 10 kapena kuposerapo. Komabe sichimamatirira ku dzino ayi. Dokotala amasema bowolo mwakuti chomatacho chikodwe m'menemo. Choncho ngati zipupa zatsala zopyapyala, poluma chimazikankhira kunja monga chitsulo chimene timakhomera m'chipika pong'amba nkhuni. Chimafunanso maola 24 kuti chilimbe kotheratu. Chifukwa chakuti mercury amaononga nthaka ndi madzi, maiko a m'pangano la Minamata anagwirizana ku Geneva mu November 2025 kuti chomatira chimenechi chikhale chitasiyidwa pofika 2034. Ngati muli nacho m'kamwa ndipo chili bwinobwino, palibe chifukwa chokachotsera.

Chachiwiri ndi choyera chofanana ndi dzino, chotchedwa composite. Chimapangidwa ndi pulasitiki wosakaniza ndi ufa wa galasi, ndipo amachiumitsa ndi kanyali kotulutsa kuwala kwa buluu. Ubwino wake ndi wakuti chimamatirira ku dzino, kotero chimathandiza kugwirizanitsa zipupa zija, ndiponso dokotala sasema dzino kwambiri. Kuipa kwake ndi kwakuti pouma chimanyala pang'ono, magawo 2 kapena 3 pa 100, ndipo malovu akangokhudza pamalopo chisanaume sichigwira bwino. Kampata kakatsala m'mphepete, kuola kumayambiranso pansi pa chomatacho. N'chifukwa chake amachiika pang'onopang'ono, ndipo ntchitoyo imatenga nthawi. Mukakhala pa mpando paja, dekhani.

Chachitatu ndi glass ionomer, ufa umene amasakaniza ndi timadzi take n'kukhala ngati simenti. Chimagwira ku dzino pachokha, sichiopa chinyezi kwambiri, ndiponso chimatulutsa fluoride amene amateteza dzino kuti lisaolenso. Cha m'ma 1985 ku Tanzania, dokotala wa mano wa ku Netherlands, Jo Frencken, anayambitsa njira yokokota zoola ndi tizipangizo ta m'manja, popanda makina kapena magetsi. Njirayi inayesedwanso ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1990 pogwiritsa ntchito chomatira chimenechi, ndipo mu 2021 bungwe la WHO linachiika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Kwa ife a m'midzi yakutali ndi boma, njirayi ndi yothandiza zedi. Koma pa zitatu zonsezi, chimenechi ndicho chofookerapo. Pa bowo laling'ono la pamwamba chimakhalitsa, pakuti zipupa za dzino ndizo zimasenza katundu. Pa bowo lalikulu lofika m'mbali chimaperepeseka ndi kubenthuka msanga.

Mwaona tsono kuti pa bowo laling'ono zomatira zonse zitatu zimagwira ntchito, pamene pa bowo lalikulu chilichonse chili ndi pofookera pake. Dzino likadyeka kwambiri limafunika kulivundikira lonse ndi kachisoti kochita kupanga, ndipo chithandizo chotere n'chokwera mtengo, chopezeka makamaka m'mizinda ikuluikulu. Kuzula nakonso kuli ndi mtengo wake. Dzino loyandikana nalo limayamba kupendekera m'gwerulo, la pamwamba kapena pansi pake limatalika posowa lokumana nalo, ndipo thumba lija la chimanga limasamukira pa mano otsalawo. Madzi akatayika saoleka.

Madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow, ndipo oyamba anamaliza mu 2025. M'zipatala za m'maboma, monga cha Mangochi, ntchito yambiri ya mano imagwiridwa ndi madental therapist ophunzira ku Malawi College of Health Sciences. Anthu amenewa sangapulumutse dzino limene lafika kwa iwo litatha kale.

Nanga ife tichitenji? Dzino likayamba kunyerenyetsa mukamwa madzi ozizira kapena tiyi wa shuga, kapena chakudya chikamakodwa pamalo amodzimodzi, pitani likadali losapweteka usiku. Musaike asipirini m'bowo, amaotcha nkhama ndipo kuola sikuleka. Akakumatani, funsani kuti aika chomatira chiti ndiponso muyambe liti kutafunira mbali imeneyo. Mukamva kuti dzino lomatalo ndilo likuyamba kugunda mukatseka pakamwa, bwererani akalipale pang'ono, chifukwa likusenza lokha katundu wa anzake onse. Kupweteka kobaya pamene mukuluma kapena kulekerera chinthu cholimba kungakhale chizindikiro cha mng'alu, musakunyalanyaze.

Abambo asodzi, chingwe cha ukonde chidulidwe ndi mpeni. Anyamata, botolo lili ndi chotsegulira chake. Amayi, mpunga usankhidwe bwino usanalowe mumphika. Mswaki ndi wabwino, koma ufike mpaka kumano akumbuyo, ndipo mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride agwiritsidwe ntchito m'mawa ndi pogona.

Pomaliza, makolo tisaiwale kuti dzino loyamba lotafunira lachikulire limamera mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, kumbuyo kwa mano a ubwana, popanda lina kuguluka. Ambiri timaliyesa la ubwana n'kulisiya liole, chonsecho silidzameranso lina m'malo mwake. Sabata ino muitaneni mwanayo poyera, ayasamule, muone ngati m'timizere ta dzinolo mulibe kadontho kakuda. M'mera mpoyamba.