Musanapachike Makamera Pakhomo

Ana anga, mukadutsa ku Area 47, ku Namiwawa kapena ku Katoto masiku ano, muona kuti pamageti ndi m'makona a nyumba mwayamba kumera timaso takuda. Ena a inu muli ku Johannesburg kapena ku Leeds, mukumanga kumudzi kuno, ndipo mukufuna muziona pafoni ngati matumba a simenti akadalipo. Sindikukuletsani. Tsoka silinunkha, ndipo wokonzekera sitimuseka. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, choncho ndimvereni: kamera sithamangitsa mbala. Ntchito yake n'kuchitira umboni, ndipo umboniwo sukhala m'kamera yapakhoma imene mumanyadira ija. Umakhala m'kabokosi kamene mumakaika pansi pa TV, osakakumbukiranso.

Kabokosiko amisiri amati DVR ngati makamera ndi akale aja a waya wonenepa, kapena NVR ngati ndi a makono oyendera waya wa intaneti. M'kati mwake muli hard disk, momwe zithunzi zonse zimasungidwa. Mbala yoganiza ikalowa pabalaza imanyamula TV ndi kabokosiko limodzi, inu n'kutsala ndi makamera asanu ndi atatu opanda chonena. Kabiseni m'kabati yokhoma yomwe mpweya umalowa. Musakaponye m'siling'i pansi pa malata, chifukwa kutentha kwa mu Okutobala kumapha hard disk msanga. Ngati kamera ya pageti ili ndi polowetsa memori khadi, ikanimo, kuti umboni uzikhala pawiri.

Pali masamu amene wogulitsa sakuuzani mukapanda kufunsa. Kamera yotumiza zithunzi pa liwiro la 4 Mbps usana ndi usiku imadya malo okwana 43 GB patsiku. Makamera anayi otere amadzaza hard disk ya 2 TB pasanathe milungu iwiri, ndipo ikadzaza siimaima, imangoyamba kufufuta zakale n'kulembapo zatsopano. Mwapita kumudzi pa Khirisimasi, mwabwerako Januwale ali pakati, mwapeza pampu ya madzi palibe: tsiku lomwe inabedwa linafufutika kale. Njira yopanikiza zithunzi yotchedwa H.265 imachepetsa malowo pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi H.264, choncho itchereni ngati makamera anu ali nayo. Gulaninso hard disk yopangidwira kujambula osapuma, monga WD Purple kapena Seagate SkyHawk, osati yochotsa m'kompyuta ya muofesi.

Za magetsi sindichita kukuphunzitsani. Mbala nayo imadziwa nthawi imene dera lanu lili mu mdima. Ubwino wa makamera a PoE ndi woti waya mmodzi amanyamula zithunzi ndi magetsi omwe, ndiye mukalumikiza kabokosi ndi rauta ku UPS kapena ku batire la sola, makamera onse amakhalabe maso magetsi akathima. Wayayo asapitirire mamita 100, ndipo mudutsitseni m'paipi, apo ayi dzuwa ndi makoswe agawana. Makamera a Wi-Fi ndi osavuta kupachika, koma khoma la njerwa limafoola mphamvu yawo, ndipo amakonda kudukaduka.

Kanthu kena n'kakang'ono koma kagwetsa milandu: wotchi. M'kabokosimo muli kabatire kozungulira kosunga tsiku ndi nthawi. Kakatha mphamvu, magetsi akathima n'kuyakanso, zithunzi zimayamba kulembedwa chaka cholakwika. Mudzakafotokoza bwanji kupolisi kuti munthu amene akuoneka akulumpha mpanda pa tsiku la zaka zambiri zapitazo ndi yemwe anakuberani Lachiwiri lapitali? Kamodzi pamwezi khalani pansi, yang'anani nthawi, bwezani zithunzi za dzulo usiku, muone ngati zilipodi. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Popachika, amisiri ambiri amakonda kukwera mpaka kudenga kuti kamera isafikiridwe. Zoona, koma kamera ya kudenga imajambula chipewa ndi mapewa. Imodzi yokha ya pageti itsike ndithu, iziona nkhope ya wolowa. Isayang'ane kotulukira kapena kolowera dzuwa, chifukwa munthu amangooneka chithunzithunzi chakuda. Usiku makamera amaunika ndi kuwala kwawo kosaoneka ndi maso, ndipo khoma loyera likakhala pafupi, kuwalako kumabwerera n'kuchititsa khungu kamera yomwe. Akangaude nawo amakonda kuluka pomwepo. Musavomere ntchito masana okha. Kandimverere anakanena za m'maluwa: tumani mwana ayende pabwalo usiku, inu mukuyang'ana pa sikirini, muone ngati mungamuzindikire.

Mudzaonanso zodabwitsa mvula yoyamba ikagwa. Ngumbi zikatuluka n'kuzungulira getsi la pakhonde, foni yanu idzalira usiku wonse kuti pabwalo pali chinthu chikuyenda. Pakatha masiku atatu mudzatopa n'kutseka mauthengawo, ndipo mbala yeniyeni idzabwera foni ili chete. Mankhwala ake n'kuuza pulogalamu yojambulira malo oti iziyang'anira, monga geti ndi zitseko, n'kusiya mtengo wa mango wogwedezeka ndi mphepo. Makamera atsopano ambiri amatha kusiyanitsa munthu ndi galu kapena galimoto.

Amene muli ndi kompyuta yongokhala mukhoza kuisandutsa chojambulira. Blue Iris ndi pulogalamu yogula, imayenda pa Windows. ZoneMinder ndi Frigate ndi zaulere, zimayenda pa Linux, koma zimafuna munthu woleza mtima, ndipo kompyuta imadya magetsi ambiri kuposa kabokosi. Kwa banja wamba, ine ndimati kabokosi n'kokwanira. Chimene simuyenera kuiwala pogula ndi funso limodzi: kodi kamera iyi ili ndi ONVIF? Umenewu ndi mgwirizano womwe makampani a Axis, Bosch ndi Sony anayambitsa mu 2008 kuti makamera ndi zojambulira za makampani osiyana zizimvana. Timakamera tina totchipa timangomvera pulogalamu ya pafoni ya kampani yake, ndipo kampaniyo ikatseka, mwatsala ndi chidole pakhoma. Safunsa anadya phula.

Tsopano ndifike pamene pamandisowetsa tulo. Kamera yolumikizidwa ku intaneti imene inu mukuonera muli ku Johannesburg, wina akhozanso kuionera ali kwina. Makamera ambiri akale ankabwera ndi dzina lolowera loti admin ndi pasiwedi yodziwika, monga 12345. Kusiya pasiwedi yoteroyo kuli ngati kugula loko yemwe makiyi ake ali ndi msika wonse. Mu 2014 dziko linadzidzimuka ndi webusaiti ya Insecam, yomwe inkaonetsa makamera oposa 70,000 a m'maiko osiyanasiyana, ena a m'zipinda za anthu, eni ake osadziwa. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inkangoyesa mapasiwedi odziwika pafupifupi 60, n'kulanda makamera ndi marauta ochuluka zedi. Pa 21 Okutobala chaka chimenecho zipangizo zolandidwazo zinagwiritsidwa ntchito kuukira kampani ya Dyn ku America, mpaka anthu ambiri analephera kutsegula Twitter ndi Netflix. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sinthani pasiwedi tsiku loyamba lomwelo, ndipo muisinthenso mmisiri akangochoka, chifukwa ambiri amasiya makamera anu ali pafoni yawo. Akhoza kukhala munthu wabwino, koma foni imabedwa, ndipo iye sayenera kudziwa nthawi imene mumachoka pakhomo. Pa rauta zimitsani UPnP, yomwe imalola zipangizo kudzitsegulira zokha njira ya kunja. Amene mungathe, muzionera kudzera pa njira yotetezeka yotchedwa VPN.

Kamera ikhoza kukutetezerani katundu n'kukutayitsani anthu. Kuchipinda chogona, kubafa ndi kuchimbudzi sikupita kamera, ngakhale mutakayikira wantchito chotani. Mlonda, wantchito, ochita lendi, ngakhale apongozi akabwera kudzacheza, auzeni poyera kuti pakhomo pali makamera ndipo ali pakuti. Ya pampanda iziyang'ana kwanu, osati pabwalo la aneba pomwe amayi amachapa ndi kusambitsa ana. Ku Britain, mu 2021, khoti la ku Oxford linagamula kuti bambo wina analakwira mnansi wake ndi makamera, makamaka chifukwa ankajambula ndi mawu omwe a anthu ali kunja kwa malo ake. Kwathu kuno nkhani yotere imafika kwa amfumu isanafike kukhoti, koma chidani chake chimakhalitsa. Ndipo mukakuwa pakati pa usiku, wotuluka ndi chibonga ndi neba yemweyo. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Mukamuuza mwaulemu kuti kamera yanu ikuonanso msewu wa nonse, ndipo akabedwa abwere mudzayang'ane limodzi, mwapeza mlonda wina wosalipidwa.

Tsiku loipalo likafika, gwirani mtima. Chala chimathamangira kutumiza kavidiyoko pagulu la WhatsApp la m'dera kapena pa Facebook, ndi mawu akuti "amene akumudziwa uyu". Chithunzi cha usiku chimakhala chotuwa, nkhope yosaoneka bwino, ndipo anyamata ovala jekete yakuda ndi chipewa alipo ambiri pamsika. Tonse tamvapo za anthu omenyedwa kapena kuotchedwa ndi gulu chifukwa chongoganiziridwa. Mukaloza mwana wa eni wosalakwa, magazi ake simudzawachotsa ndi batani lofufutira. Koperani zithunzizo pa fulashi tsiku lomwelo zisanafufutike, kuyambira ola limodzi mbala isanalowe mpaka itatuluka. Musadule, musakongoletse. Sungani kope lina kwa m'bale, lembani tsiku ndi nthawi papepala, kenako tengani fulashiyo mupite nayo kupolisi.