Akangotenga Digiri, Akuti!

Omvera athu, pali mawu amene akuyenda m'masukulu a sekondale kuno ku Thyolo, ndipo ine andikwana. Akuti mwana wodziwa masamu akangotenga digiri ya actuarial science, basi, ndi actuary, ndalama zizichita kumulondola. Akangotenga digiri! Ndiye mayi wothyola tiyi ku Satemwa kapena ku Makwasa, dengu kumsana chiyambire m'bandakucha, wamva zimenezi n'kuyamba kuwerenga zala kuti zaka zinayi zikatha, umphawi watha.

Ntchitoyo ilipo, sindikukana. Actuary ndi amene amawerengera kuti kampani ya inshulansi isunge zingati lero kuti idzakwanitse kulipira penshoni, kapena chipepeso cha imfa, zaka 30 zikubwerazi. Chiyambireni lamulo la penshoni mu 2011, loti bwana aziika 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5, makampani ngati Old Mutual ndi NICO Life sangayende popanda anthu oterewa.

Koma digiri payokha siipanga actuary. Ndibwereze, poti ena akumvera ali pa sikelo ya tiyi: siipanga. Ukavula gauni m'pamene ulendo ukuyamba. Pali mayeso ena a mabungwe a akatswiri, monga Institute and Faculty of Actuaries la ku Britain kapena Actuarial Society of South Africa. A ku Britainwo ndi opitirira khumi. Digiri yovomerezeka ingakuchotsere angapo, otsalawo uzilemba uli pantchito, kuwerenga usiku anzako atagona, kwa zaka. Anthu anzeru zedi amalephera n'kubwereza, ndipo kubwereza kulikonse n'kulipiranso. Kulipira chiyani? Ku Britainko, mapaundi. Osati makwacha, mapaundi! Inu mukukumbuka November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mtengo wa pepala la mayeso ku London sunasunthe, koma kwa mwana wa wothyola tiyi phiri linakula usiku womwewo. Tawerengani madengu angati a tiyi akwanira pepala limodzi.

Chimene chimandinyansa n'chakuti olankhula mawu amenewa m'masukulu amabwera pagalimoto, tayi pakhosi, aomberedwa m'manja, amwa fanta, abwerera ku Blantyre. Za mayeso, zii. Za mapaundi, zii. Ifenso, poti wavala suti, timangovomera ngati tili m'tchalitchi.

Mwana wokonda masamu apite akaphunzire, ine ndimuperekeza mpaka pa basi. Koma alendowo akadzabweranso, aphunzitsi, mudzakweze dzanja: mayeso ndi angati, ndipo alipire ndani?